Galu wa Nambala 40

4 Malichi

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, kupatula chala chamkombaphala chimene kagalu kena kanachiyesa soseji sabata yatha. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja, poti foni Bambo mumaiyankha ngati mukukalipira munthu ali kutsidya kwa msewu, kenaka n'kudula ndisanamve mawu a Mayi.

Mwandifunsa kangapo kuti sukulu yangayi idzatha liti, ndipo kwenikweni ndimapanga chiyani. Mayi munauza anzanu kuti ndimagoneka agalu. Si bodza, koma ndiloleni ndikonze pang'ono.

Galu asanachitidwe opaleshoni sitimangomugonetsa mwadzidzidzi. Timayamba tam'baya jakisoni woti mtima ukhale pansi, ululu usamupeze, komanso kuti mankhwala ogonetsa enieniwo asachuluke. Jakisoni ameneyu amakhala wa mankhwala awiri osakaniza. Ine ndikuyerekeza misakanizo iwiri. Yonse ili ndi mankhwala opha ululu ofanana, kusiyana kuli pa mnzake wa mankhwalawo. Woyamba ndi asepuromazini: amachedwa kugwira, galu amangofooka ngati mlonda masana, ndipo amachedwanso kutha m'thupi. Wachiwiri ndi medetomidini: mphindi khumi zokha, galu wolusa uja ali thasa ngati thumba la simenti, koma mtima wake umagunda mochedwa mpaka iwe woyang'anira umayamba kupemphera.

Kuti ndisakondere, aPulofesa anatsekera mayina a misakanizoyi m'maenvelopu 40, theka uku theka uku, n'kuwasokoneza. Galu wamkazi akabwera kudzatseketsa kubereka, anesi amatsegula envelopu yotsatira, n'kubaya zolembedwamo osandiuza. Ntchito yanga ndi kukhala kumutu kwa galuyo ndi pepala, kulemba kugunda kwa mtima ndi kupuma mphindi zisanu zilizonse, mpaka adzuke. Maenvelopu akadzatha m'pamene adzandiululire, n'kuona wopambana.

Pano ndachita agalu 31. Ndikamaliza mu Epulo, chaka chino muvala suti Bambo, mudzandionere ndikulandira pepala.

Ndiuzeni za kumeneko. Denga la kukhitchini lija linakonzedwa? Galu wathu Madamu akadagonabe pampando wa Mayi?

Ndine mwana wanu.

11 Malichi

Kwa Adokotala,

Moni wochokera kunyumba. Tili bwino tonse, ine, amayi ako ndi Madamu. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndi galasi langa lokonzera mawotchi, poti zilembo zako zikunka zifanana ndi nyerere zogwera mu inki.

Za foni ndakana. Ine sindikuwa. Foniyo ndiyo ili ndi mawu ochepa.

Mayina a mankhwala akowo andikanika kutchula, ndiye ndawapatsa anga. Wochedwa kugwirayo ndi Waulesi, winayo ndi Chiphaliwali. Kubenchi kwanga anthu agawanika. Wometa tsitsi woyandikana nane uja ali mbali ya Chiphaliwali, akuti ntchito ndi changu. N'chifukwa chake makasitomala ake amatuluka atagwira makutu. Ine ndili kwa Waulesi. Zaka makumi anayi ndikutsegula mawotchi, ndikudziwa kuti chinthu chogunda suchichedwetsa dala. Tsiku lina chimangoti zii, osayambanso.

Tsopano ndifunse, monga munthu wongofuna kudziwa. Mwa agalu 31 amenewo, adzuka angati? Usandiyankhe kuti ambiri. Ndikufuna nambala. Akagona chonchi amamva? Amalota? Nanga amene amagonetsa anthu kuchipatala anaphunzira kufika pamene wafika iwepa, kapena amangotola aliyense wovala zoyera? Wometa tsitsi uja ndiye akufunsa.

Denga likadali ndi maganizo ake. Madamu akudya bwino, masana onse amagona pansi pa benchi langa. Dzulo wauwa munthu amene anabwera ndi wotchi yabodza ndisanaitsegule n'komwe. Galu ameneyu akanapita kusukulu bwenzi ali pulofesa, iwe ukumunyamulira chikwama.

Ndine bambo ako.

11 Malichi, madzulo

Mwana wanga,

Kapepala aka ndakalowetsa abambo ako atamata kale envelopu, ndatsegula ndi nthunzi ya ketulo. Uli bwanji? Ukudya? Chala chija uchisamale, mwamuna sadzaveka mphete pa chigamba.

Choyamba. Chiphaliwali uja sungandithirireko pang'ono m'kabotolo? Sindikufuna zambiri. Wodwala wake ndi wa makilo 70, matenda ake amayamba kufotokoza za mawotchi ndikangoponda makina osokera. Mphindi khumi ali thasa, wanena wekha.

Chachiwiri. Mkazi mnzanga akudwala. Inde, Madamu. Ali ndi chotupa pabere lakumbuyo. Chaka chatha chinali ngati batani la malaya, pano ndi dzira la nkhuku. Abambo ako akuti ndi mafuta. Ndinamusokera kamalaya kuti asamachinyambite, iwo akuuza anthu kuti ndi fasho. Zaka khumi ndi chimodzi galu ameneyu akudya mnofu ine ndikulimbana ndi mafupa, akuitanidwa Madamu ine ndikuitanidwa "kodi tiyi uja", koma sindikufuna afe chowola. Unenepo kanthu, iwe amakumvera ukalemba ndi inki.

Chachitatu ndidzakuuza ndikapeza mawu oyenera kulembera mwana. Ungodziwa kuti wometa tsitsi sanafunse kalikonse.

Ndine mayi ako.

2 Epulo

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Pepani kuti ndakhala chete masabata atatu. Muli bwanji kumeneko? Ine ndikununkha galu moti m'basi anthu amandisiyira mpando wonse.

Bambo, nambala ndi iyi: agona 39, adzuka 39. Samva kanthu. Za kulota sanandiuzepo. Amene amagonetsa anthu ndi ophunzira kuposa ine, ndipo odwala awo saluma. Muwauze ometa tsitsiwo mtima ukhale m'malo.

Mayi, ayi. Ngakhale dontho.

Tsopano vuto langa. Ndatsala ndi envelopu imodzi, galu palibe. Bungwe limene limatibweretsera agalu, galimoto yawo yafa. Sabata ino ndinali ndi atatu olembetsa. Woyamba tinamupeza ali ndi bere. Wachiwiri mwini wake anamumvera chisoni m'mawa n'kumupatsa buledi wathunthu, chonsecho tinanena kuti asadye; titamubweza anakwiya, sanabwerenso. Wachitatu anabwera ndi mayi wina atamumanga riboni m'khosi, dzina lake lachitsikana, titamutembenuza tinapeza kuti ndi bambo wathunthu. Mayiyo anatitsutsa.

APulofesa akuti anandichepetsera kale kuchoka pa 60 kufika pa 40, sachotsanso ngakhale khutu limodzi. Ndikapanda kupereka zotsatira pofika Lachisanu pa 25, komiti yoziona idzakhalanso chaka chamawa. Galu mmodzi yekha! Ndikanakhala ndi mchira ndikanakwera ndekha patebulo.

Za Madamu ndamva. Bambo, si mafuta. Chotupa cha pabere chimafuna mpeni, ndipo pochichotsa kawirikawiri timachotsera limodzi chiberekero. Zimenezi tikambirana ndikapuma.

Ndine mwana wanu wotopa.

10 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako yayatsa moto kuno. Abambo ako anaiwerenga, anavula galasi, n'kunena kuti, "Mwana akupempha galu, koma ulemu wamuchulukira." Ndinati sanapemphe. Anati ine ndimangomva mawu, iwo amamva mtima wa kalata. Ndiye akubwera Lolemba pa 21 ndi Madamu, kuti adzakhale nambala 40. Agwirizana kale ndi adalaivala, mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi windo.

Tsopano chachitatu chija. Mawu oyenera sindinawapeze, ndiye ungomva osayenerawo. Abambo ako matumbo anawatsikira kumunsi, kuja kosatchula. Phudzi. Chaka ndi theka tsopano. Mathalauza awo onse ndawakulitsa kawiri. Kuchipatala anawapatsa tsiku la opaleshoni kawiri, kawiri konse anadzuka ndi chimfine chosaoneka. Mwezi watha chinawagwira ali kubenchi, anagwada pansi thukuta lili kamukamu, wometa tsitsi ndiye anawanyamula. Adokotala a kuchipatala ananena mosabisa kuti tsiku lina matumbowo adzapotana, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala zosankha.

Mpeni sauopa. Akuopa kugonetsedwa. Achimwene awo analowa m'chipinda chija akuseka zaka makumi atatu zapitazo, sanadzuke. Iwe unali kumsana. Amene anakatenga zovala kuwodi anali abambo ako, ndipo nkhaniyi saikamba.

Ndiye uone. Galu amene amukaniza mpeni chaka chonse akumupereka chifukwa cha iwe. Akumusambitsa tsiku lililonse ndi sopo wanga, akumuyankhula ngati munthu wopita kunkhondo. Komanso ndikuwadziwa, akufuna aone ndi maso awo ngati chinthu chokalamba chimadzuka. Madamu akadzuka, mwina ndiwakokera kuchipatala. Akapanda kudzuka, ndiye kuti ndataya awiri.

Usawauze kuti ndakuuza.

Ndine mayi ako.

14 Epulo

Mayi,

Moni mwachangu. Muwaletse! M'kafukufuku mumalowa agalu athanzi okha, osapitirira zaka zisanu ndi chimodzi. Madamu ndi gogo. Ndinalakwa kusanena poyamba. Ndidzamuona ndekha mu Meyi, mosathamanga. Ndaimba kanayi, Bambo akungokuwa kuti, "Tikubwera, tikubwera, usadandaule!" n'kudula. Bisani nsapato zawo ngati kungatheke.

Zina zija ndamva. Ndinakawerengera m'chipinda chosungira mankhwala, anesi anayesa kuti wandilumanso galu.

Ndine mwana wanu.

22 Epulo

Amayi a Dokotala,

Tafika bwino. Ndikhulupirira nanunso muli bwino, ndipo pampando wanga simunaunjikepo nsalu zanu. Madamu anasanza kamodzi kokha, pansapato za munthu amene anali kale wamwano.

Potsika adalaivala anandipatsa kalata ya mwana ya pa 14, yolembera inu. Akuti inagwera kuseri kwa mpando wawo, aipeza posaka ndudu. Ndaiwerenga poti ndine mwini nyumba. "Zina zija" n'chiyani? Tidzakambirana.

Ndikulemba ndili wokwiya. Galu wanga wakanidwa.

Malo ake ndi chipinda choyera, tebulo lachitsulo pakati, fungo la mankhwala okolopera paliponse. Mwana anamukweza Madamu pasikelo, anamuyang'ana m'kamwa, kenaka anamuika chomvera pachifuwa. Anamvetsera nthawi yaitali kuposa mmene ine ndimamvetserera wotchi yakufa. Kenaka anandiveka chomveracho m'makutu. Amayi, mtima wa Madamu sukuti gu-gu, gu-gu. Ukuti fuu-gu, fuu-gu, ngati pampu yotha mphira. Akuti kachitseko kena mumtimamo sikakutseka bwino.

Ndinati, "Chabwino, tamva. Envelopu ili kuti? Titsegule."

Anati, "Bambo, salowa. Mtima suli bwino, zaka nazo zapitirira."

Ndinati, "Lemba zisanu. Amayi ako akhala ndi zaka 49 kuyambira iwe uli kusekondale, palibe anawamanga."

Anesi anaseka mpaka kugwetsa lumo. Mwana sanaseke. Ali ndi nkhope yanu ija ya tsiku limene ndinagula wailesi yachitatu.

Ndinapita kwa aPulofesa ndekha. Munthu wamfupi, wotchi yake ikutsalira mphindi zinayi, ndiye muone mtundu wa anthu amene akuphunzitsa ana athu. Ndinawakonzera pomwepo ndi nsonga ya kampeni kawo. Anathokoza kwambiri, n'kunena kuti, "Makumi anayi, bambo, ndipo athanzi." Ndikanadziwa ndikanaiwonjezera mphindi zina zinayi.

Mawa m'mawa akumuchita opaleshoni, koma kunja kwa mpikisano, ngati wosewera wongobwera kudzanyamula madzi. Akuti samupatsa Waulesi kapena Chiphaliwali, koma msakanizo wina wa okalamba. Nanga ndabwera kudzatani? Mwana ataya chaka, ine mwina nditaya galu. Atiletsa kumupatsa chakudya, ndiye wakhala pachitseko akundiyang'ana ngati ndamugulitsa.

Muzitseka geti.

Ndine mwamuna wanu.

25 Epulo

Mayi,

Moni. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva: Madamu ali moyo. Bambo ali moyo. Za ine sindikudziwa.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu. Envelopu ija ndinaigwira. Lachitatu m'mawa, anesi asanafike, ndinaitulutsa m'kabati, fomu ili patebulo, cholembera chili m'manja. Kulemba 5 m'malo mwa 11 ndi kanthu kakang'ono, ndipo aPulofesa sayang'ana agalu m'kamwa. Komanso ngakhale sandiuza, maso ndili nawo, galu wobayidwa Chiphaliwali sasokoneza. Ndinali nditawerenga kale m'mutu: Waulesi akwana 20, Chiphaliwali 19. Ndinadziwa chimene chili mkatimo, ndinadziwanso chimene chingachite pa mtima wotayira ngati uja. Komabe ndinaima pamenepo mphindi zingapo, Mayi, ndikuganiza za chaka changa. Mwana munabala ndi ameneyo. Kenaka ndinamva Bambo pakhonde akuuza Madamu kuti, "Usaope, ndi mwana wathu yemwe uja, unkamudyera nsapato." Ndinaibweza m'kabati.

Ndinamupatsa mankhwala opha ululu ndi ena ofewa ochotsa mantha, pang'onopang'ono, mpweya uli pamphuno. APulofesa ndiwo anagwira mpeni, ine kumutu. Bambo anakana kudikira panja. Chifukwa cha wotchi ija aPulofesa anawalola, tinawaveka chipewa ndi chophimba pakamwa n'kuwakhazika pakona, akuoneka ngati wophika buledi wokhumudwa. Makina athu amawerenga okha kugunda kwa mtima, koma iwo anatulutsa wotchi yawo ya m'thumba n'kumawerenga kulira kwa makinawo mokweza, akuti aone ngati sakunama.

Chotupa chitatsala pang'ono kuchoka, magazi anayamba kuthamanga mofooka. Manambala akutsika ine ndikuona. Ndinachepetsa mpweya wogonetsa, ndinabaya mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi. Bambo anasiya kuwerenga. Anangoti, "Dokotala?" Osati mwachipongwe ngati m'makalata muja. Ndinati, "Werengani, Bambo, musasiye." Anayambiranso. Patapita mphindi zitatu manambala anayamba kukwera. APulofesa sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Ulusi."

Kudzuka ndiye kunatenga nthawi. Agalu ena mphindi makumi awiri amakhala akufuna kutiluma, Madamu ola ndi theka. Bambo anakhala pasimenti pafupi ndi khola, mwendo umodzi atautambasula mwanjira imene tsopano ndikuimvetsa. Anandifunsa kasanu ndi kawiri ngati zimenezi zimachitika. Kenaka khutu linagwedera. Lilime linabwerera m'kamwa. Anadzutsa mutu, anadzikokera kwa Bambo, n'kuwakodzera pathalauza. Bambo anati, "Mwaona? Wandizindikira."

Lero ndi Lachisanu. Galu wina sanabwere. Ndakhala pakhomo mpaka folo koloko ndikuyang'ana aliyense wodutsa ndi chingwe m'manja, kenaka ndakasaina pepala lodikira chaka chamawa. APulofesa anati, "Unachita bwino," kenaka anati, "Poti nthawi ilipo tsopano, tibwerere pa 60." Ndikuganiza amaseka. Nkhope yawo siinena.

Dzulo tikumwa tiyi, Bambo anafunsa akuyang'ana kukhoma, "Munthu wa zaka 68, wosuta kale koma anasiya, angamupatse uti?" Ndinati, "Ometa tsitsi aja?" Anati, "Eya. Akalamba msanga." Sindinawakakamize. Kwatsalako ndi kwanu.

Akhala kuno sabata imodzi, bala liyambe lagwirana.

Ndine mwana wanu.

29 Epulo

Bambo a Dokotala,

Moni. Kuno kuli phee, ndayamba kunenepa.

"Zina zija" ndi phudzi lanu. Ndinamuuza. Mukafuna kukwiya kwiyirani m'basi, muzifika kuno mutamaliza.

Mwana wataya chaka chathunthu kuti chinthu chanu chokalamba chidzuke, ndipo chadzuka inu mukuona. Ndiye ndapita kuchipatala, atipatsa pa 3 Juni. Ndawauza kuti mukadwala chimfine ndidzakubweretsani pawilibala pamodzi ndi chimfine chanucho. Mathalauza sindikulitsanso, nsalu ya m'mbali yatha.

Galuyo musamunyamule nokha, pemphani adalaivala, ali ndi mlandu kale. Mundigulireko ulusi wakuda, kuno wasowa.

Zaka zanga ndi 49.

Ndine mkazi wanu woyamba.

27 Meyi

Kwa Adokotala,

Moni. Tili bwino. Madamu wayambanso kuthamangitsa njinga. Bala lauma, koma amayi ako akuti msoko wa aPulofesa ndi wokhota, ukanakhala wa diresi kasitomala akanaubweza.

Ndakhala ndikuganiza zimene unandiuza kudepoti, zoti mwa agalu 39 aja sukuona wopambana, Chiphaliwali akuyenera galu wolusa wamphamvu, Waulesi akuyenera wina, "zimatengera galu wake". Zaka ziwiri kusukulu kuti utiuze zimenezi? Ine ndi wometa tsitsi tasowa wonyoza mnzake, tikungokhala ngati anthu ogwirizana. Chaka chamawa ubwere ndi yankho.

Lachiwiri likudzali ndikukalowa. Ukudziwa kale, amayi ako ndi wailesi. Usabwere, uli ndi agalu.

Wotchi ya m'thumba ili m'kabati yakumanzere, pansi pa masokosi. Imafuna kupukusidwa m'mawa uliwonse, kakhumi ndi kawiri, osapitirira. Madamu sakonda mbale yapulasitiki. Ndangonena.

Ndine bambo ako.

3 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndikulemba nditatsamira kabati ya m'wodi, cholembera ndabwereka kwa anesi, ndiye usadandaule zilembo.

Chimfine sichinabwere. Anadzuka okha, anameta ndevu, anavala taye ngati akukafunsira ntchito. Kuchipatala anawavula zonsezo n'kuwaveka kamwinjiro kotsegula kumbuyo. Anandiuza kuti ndiziyenda pambuyo pawo pafupi kwambiri.

Wogonetsa anthu ndi mtsikana wa msinkhu wako, wamagalasi. Abambo ako anamuika pamayeso. "Mundipatsa msakanizo uti? Mwandimvetsera mtima? Mvetseraninso, mbali iyi. Ukuti gu-gu kapena fuu-gu? Inu simugwiritsa maenvelopu, eti?" Mtsikanayo anafunsa ngati ali adokotala opuma. Anati, "Ayi, koma mwana wanga ndi mnzanu, kungoti odwala ake ndi aulemu." Anawayankha zonse, mwana wa eni, mpaka kuwalembera papepala. Kenaka anawabaya jakisoni woyamba uja. Pasanathe mphindi zisanu anayamba kuuza wokankha bedi kuti ali ndi maso okongola. Wokankhayo ndi bambo wandevu zake.

Chitseko chitatsekeka ndinakhala pabenchi. Ndinabwera ndi siketi ya kasitomala yoti ndipinde m'munsi, koma ulusi unakana kulowa pasingano. Maola awiri. Zimene ndinaganiza sindikuuza.

Anawatulutsa ali chagada, kukamwa yasa. Ndinawaitana, zii. Ndinawatsina, anesi anandikalipira. Ndinakhala pambali ndikuyang'ana nsalu ya pachifuwa ikukwera ndi kutsika. Kenaka maso anatseguka, anayang'ana kudenga, n'kuyamba.

"Kodi ayamba liti? Munthu ndafika sikisi koloko, sindinadye, angondisiya pano ngati katundu. Itanani wamkulu wawo. Ngati sakufuna, tizipita."

Ndinati, "Atha kale."

"Musandinamize. Ndangophethira kamodzi."

Anesi anawauza, anakana. Wodwala wa bedi loyandikana anawauza, anamuyankha kuti asalowerere za m'banja la eni. Ndiye ndinakoka katani, ndinatukula nsalu, ndinati, "Onani nokha katundu wanu."

Anadzutsa mutu. Anayang'ana bandeji, anayang'ana pamene panali mtolo uja. Anayang'ana nthawi yaitali. Anafufuza dzanja langa pabedipo, anapeza chala chimodzi, n'kuchifinya mpaka kuwawa.

Kenaka anati chapansipansi, "Mulembereni mwana. Mumuuze kuti ndadzuka."

Ndiye ndakuuza.

Ndine mayi ako.